Carl Mørck kapena Cormoran Strike: muyambe ndi uti?

Anzanga okonda nkhani za ofufuza milandu, mabuku awiri awa ndawawerenga motsatana. Onse ndi a mayi amene anasowa kalekale, fayilo yake n'kumangodya fumbi kupolisi, koma kagwiridwe kake ka mtima n'kosiyana.

Loyamba ndi la Jussi Adler-Olsen wa ku Denmark, la mu 2007. M'Chingerezi lili ndi mayina awiri, Mercy ku Britain ndi The Keeper of Lost Causes ku America, ndiye chenjerani mungagule buku limodzi kawiri. Wapolisi Carl Mørck wapulumuka pa kuwomberana kumene mnzake wina anafera, wina n'kufa ziwalo. Mabwana atatopa ndi mwano wake akumutaya kuchipinda chapansi pa likulu la apolisi ku Copenhagen, ati akhale mkulu wa Department Q, nthambi yofufuza milandu yakale imene inakanika. Womuthandiza ndi Assad, yemwe akuti ndi wa ku Syria, amene anabwera kudzakolopa ndi kuphika khofi. Mlandu wawo ndi wa Merete Lynggaard, wandale amene anasowa m'sitima ya pamadzi zaka 5 zapitazo. Aliyense akuti anamira.

Inu owerenga ndiye mukudziwa kuti sanamire. Wolemba amakulowetsani msanga m'chipinda chimene mayiyu watsekeredwa, momwe omugwira amawonjezera mphamvu ya mpweya chaka ndi chaka. Ndiye Carl akamawodzera miyendo ili pa tebulo, inu mtima uli m'mwamba, mukufuna kumukuwira kuti adzuke. Bukuli limakoka ndi mantha akuti afika mochedwa. Amene anamugwira ndinamuganizira nkhani isanathe, koma sindinadandaule nazo.

Troubled Blood la Robert Galbraith, dzina lina la J. K. Rowling, linatuluka mu 2020 ndipo limafuna munthu wodekha. Dokotala Margot Bamborough anatuluka pa kiliniki yake ku Clerkenwell mu London mu 1974, akukakumana ndi mnzake, osafikako. Patapita zaka pafupifupi 40, mwana wake wamkazi akupatsa Cormoran Strike ndi Robin Ellacott, ofufuza oyima paokha, chaka chimodzi. Apa simudziwa kanthu kuposa iwo. Mboni zina zinamwalira, zotsalazo ndi nkhalamba, ina yoyiwaladi, ina yonamizira kuyiwala. Wapolisi woyamba, Bill Talbot, anasokonekera mutu ali pakati pa ntchito, n'kusiya kope lodzaza zolosera za nyenyezi. M'chipatala chotsekeramo akaidi odwala misala muli chigawenga Dennis Creed, chimene ambiri anangochikankhira mlanduwo.

Kukoma kwake kuli pa kumvetsera. Mawu amene gogo wina walankhula mongodutsa amadzabwerera patapita masamba mazanamazana, inu n'kudzimenya pachipumi. Koma masamba opitirira 900 si masewera, ndipo za nyenyezizo zinanditopetsa, ndinadumpha zingapo popanda kutayapo kanthu. Muli za matenda a azakhali ake a Strike ku Cornwall, kutha kwa banja la Robin, ndi milandu ina ya pambali. Komanso ndi buku lachisanu pa mabuku a Strike, pomwe la Carl ndi loyamba pa mndandanda wake, simufunika kudziwa za m'mbuyo.

Amene alibe nthawi yowerenga, Netflix inatulutsa Dept. Q mu 2025, koma nkhaniyo anaisamutsira ku Edinburgh, wosowayo n'kukhala loya wa boma.

Wongoyamba kumene ndingamupatse la Adler-Olsen, litha pa masiku atatu. Langa la pamtima ndi Troubled Blood, poti linandipusitsa: wolakwayo ndinamumvetsera akulankhula, ndinamumvera chisoni, osamukayikira ngakhale pang'ono.