Chikwama cha chitenje cha ku Limbe: nsalu ndi yabwino, koma yang'anitsitsani zogwirira

Ndakhala nacho miyezi isanu ndi iwiri, ndiye tsopano ndikhoza kulankhula. Ndi zikwama zija za chitenje zokhala ndi saka mkati, zomwe amasoka atelala a pakhonde kuseri kwa msika wa Limbe, zazikulu zija za K7,500. Ndinagula ziwiri kumapeto kwa Disembala, chachikulu ndi chapakati. Chapakaticho sichinandivutepo n'kamodzi komwe, choncho zonse zimene ndilembe pano ndi za chachikulu.

Ndinagula chifukwa majumbo ananditopetsa. Paja boma linaletsa opyapyala aja, osakwana mamaikiloni 60, kalekale mu 2015, ndipo khothi la Supreme linagamula mu 2019 kuti lamulolo ligwire ntchito, koma inu amene mumapita kumsika mukudziwa mmene zimakhalira: amasowa kanthawi, kenako n'kutulukiranso m'manja mwa anyamata. Opyapyalawo amabooka usanafike pasiteji, ochindikalawo ndiye ndalama yake ukaphatikiza pamwezi ndi ya ndiwo za tsiku lathunthu. Komanso kwathu ku Thyolo ndinaona ndi maso anga mbuzi ya amayi itangowonda osadziwika chifukwa, ndiye titaipha tinapeza majumbo atapotana m'mimba ngati chingwe. Kuyambira tsiku limenelo sindifunanso kuona jumbo ikuuluka pakhomo panga.

Pogula ndinafunsa. Ichi ndikufuna chimveke bwino, chifukwa pambuyo pake ananditembenuzira nkhani. Panali mtsikana wogulitsa, maso ali pafoni. Ndinati, "Asisi, chachikuluchi chinganyamule mpunga wa makilo asanu, mafuta ndi zina za pamwezi?" Anayankha osadzutsa mutu, "Amayi, ngakhale makilo 15, osadandaula." Ndinalipira n'kumapita.

Mwezi umodzi chinayenda bwino ndi tinthu topepuka, masamba, tomato, buledi. Tsiku la tsokalo linali Loweruka la kumapeto kwa Januwale, titangolandira. Mvula inali itagwa m'mawa, Limbe yense ali matope okhaokha, ngalande zitasefukira ndi majumbo omwewo. M'chikwama munali mpunga wa Kilombero makilo asanu, shuga mapaketi awiri, botolo la mafuta la malita awiri, sopo, anyezi, tomato, ndi mazira khumi pamwamba atakulungidwa m'nyuzipepala. Werengani nokha, sizikufika n'komwe pa makilo 15 aja. Ndinayenda nacho kuchokera mumsika mpaka pasiteji ya maminibasi a ku Bangwe. Kondakitala akuti, "Mayi, malo ndi amodzi, kwerani tizipita," ine n'kuponda mwendo umodzi pachitseko, n'kukweza chikwama. Ndinangomva kuti pwa! Chogwirira chimodzi chinandithothokera m'manja, chikwama n'kupendekeka, zonse pansi.

Botolo la mafuta linamenya pachitsulo cha chitseko, chotsekera n'kusweka. Ndinaimirira n'kumaona mafuta anga akuyenda pamwamba pa madzi amatope, akunyezimira, akulowera kunsi kwa minibasi. Mtengo wa mafuta masiku ano sindichita kukuuzani. Tomato anagubuduka mbali zonse, ena n'kupondedwa ndi kabaza. Mazira onse khumi anathera m'nyuzipepala momwemo. Paketi imodzi ya shuga inang'ambika pakona n'kumwa madzi. Minibasi sinandidikire, malo anga anakhalapo wina, ulendo. Mayi wina wogulitsa nthochi pamenepo, Mulungu amudalitse, anasiya lichero lake n'kugwada nane m'matopemo. "Pepani amayi, tolani msanga zingapondedwe," akutero uku akupukuta anyezi ndi nsonga ya chitenje chake. Ine manja akunjenjemera, misozi ili pafupi, osati chifukwa cha manyazi okha, koma ndinkawerengera mumtima kuti ana adya chiyani chokazinga mwezi umenewo. Ndinamasula chitenje changa cha m'chiuno n'kumangamo mpunga ndi sopo. Zotsalazo zinalibe poika, ndiye mnyamata wa majumbo anali atafika kale pambali panga, ndipo ndinagula awiri. Chimene chinandiwawa koposa n'chimenecho, kuti ndalipira K7,500 pofuna kusiyana ndi jumbo, ndiye ndikufika kunyumba nditanyamula jumbo, chikwama chili chopinda kukhwapa chikudontha mafuta.

Usiku nditachichapa ndinachitembenuza kuti ndione chinalakwika n'chiyani. Chogwiriracho anangochilowetsa pang'ono mumpendero, kutalika kwake ngati chikhadabo, n'kudutsitsapo mzere umodzi wa ulusi. Ulusiwo unagwira chitenje chokha, saka ya mkati sunaikhudze. Ndiye kuti kulemera konse kwa katundu kunkalendewera pa kansalu kopyapyala. Chinachedwa n'kuthothoka komwe.

Lolemba ndinapempha kutuluka msanga kuntchito n'kupita nacho. Ndinapeza mtsikana yemwe uja. Ndinapereka moni bwinobwino, n'kufotokoza, n'kumuonetsa pamene panathothoka. Anangoyang'ana chammbali n'kunena kuti, "Munadzaza mopyola muyeso. Katundu akatuluka sabwezedwa." Ndinamukumbutsa za makilo 15. Akuti sanalankhulepo zimenezo. Ndinafunsa za eni shopu, akuti kulibe. Abwera liti? Akuti sakudziwa. Ngakhale kamawu koti pepani sikanatuluke, ngakhale kutenga chikwamacho m'manja kuti aone. Ine ndi mayi wa ana atatu, mtsikanayo msinkhu wake ndi wa mwana wanga woyamba, ndipo anandisiya chiimire pakhondepo n'kuyamba kuseka ndi mnzake pafoni. Chikhala kuti ndinalemba ndemangayi tsiku limenelo, bwenzi ndikukuuzani kuti musayerekeze kupondako.

Lachitatu ndinapitanso, ndipo ulendo uno ndinati sindichoka. Ndinakhala pabenchi pafupifupi ola. Kenako anatulukira madala ena, tepi ili m'khosi, magalasi pamphuno, atanyamula mpukutu wa nsalu. Iwowo ndiwo eni ake. Anandilonjera kaye, kufunsa za kunyumba, kenako anatenga chikwama n'kuchitembenuza okha ndisanalankhule zambiri. Anayendetsa chala pampendero paja, n'kukoka chogwirira chotsalacho pang'ono, ulusi n'kuyamba kulira. Anapukusa mutu. "Mayi, apa ndiye talakwa ndife. Izi anasoka ndi mnyamata wophunzira nthawi ya Khirisimasi, ntchito itachuluka, ndipo ine sindinaziyang'ane." Mawu amenewo okha anandichotsa theka la mkwiyo.

Anakhala pamakina awo a Singer opalasa ndi mwendo aja, n'kusosola zogwirira zonse ziwiri, chabwinocho chomwe. M'malo mwake anadula lamba wakuda wolimba, ngati wa zikwama za ana asukulu, n'kumuzunguliza kuchokera mbali ino, kudutsa pansi pa chikwama, kukatulukira mbali inayo, kuti katundu azikhala pa lamba osati pa nsalu. Pamene lamba wakumana ndi mpendero anasoka kabokosi, mkati mwake n'kudutsitsa mtanda, ndi ulusi wa nayiloni, kubowola chitenje ndi saka pamodzi. Mphindi makumi atatu sizinakwane. Atamaliza anaikamo simbi yawo yamakala ndi mpukutu wa nsalu uja, n'kundipatsa kuti ndinyamule ndigwedeze. Sanalandire khobidi. Za mafuta ananena poyera kuti sangathe kundibwezera, ndipo zimenezo zimandiwawabe, chifukwa zomwe zinatayika tsiku lija zinaposa mtengo wa chikwamacho. Koma anandipatsa kachikwama kakang'ono kokhala ndi siponji mkati, akuti ka mazira. Mtsikana uja anali pomwepo nthawi yonseyi, ndipo sanatsegule pakamwa.

Kuchokera pamenepo chikwamachi chanyamula katundu wa pamwezi kasanu ndi kamodzi, kuphatikizapo ulendo wa ku Thyolo chitadzaza mbatata ndi mapeyala pobwera, ndipo palibe ulusi ndi umodzi womwe wasosoka. Lambayo ndi wotambalala, sadula zala ngati jumbo, ndipo amakwana paphewa. Pansi pake mpotakata, botolo limaima chilili. Mu minibasi chimakhala pamiyendo, kondakitala sadandaula ngati mmene amachitira ndi basiketi ya mlaza, ngakhale kunena zoona pa tomato wakupsa basiketi ndiye mwini wake, chifukwa m'chikwama cha nsalu tomato amafinyika mukapanda kumuika pamwamba.

Zofooka zilipo. Chitenjecho chimasuluka pochapa koyamba, madzi anachita kufiira, ndiye musachiphatikize ndi yunifolomu za ana. Zipi palibe, kathumba ka mkati koika ndalama palibe, ndipo mumsika mothithikana ndimachita kuphimba pamwamba ndi nsalu. Chifukwa cha saka ija sichipindika n'kukhala kakang'ono koti n'kulowa m'chikwama cha kuntchito, choncho tsiku loti wangoganiza zodzera kumsika mwadzidzidzi umapezeka ulibe. Chapakati chija ndiye ndimayenda nacho masiku onse.

Fungo ndiye nkhani ina. Ndinaikamo usipa kamodzi pamodzi ndi shuga, tiyi wa sabata yonse ankamveka za kunyanja. Saka imagwira fungo m'timipata take ngakhale mupukute chotani. Panopa nsomba ndi nyama zimayenda m'kabakete kotseka, sopo ndi mankhwala ochapira m'chikwama chapakati, zakudya zouma m'chachikulu. Ndikabwera kumsika ndimachitembenuza, kukutumula zinyenyeswazi za mpunga kuti zisaitane mphemvu, kupukuta ndi kansalu ka sopo, n'kuyanika chotembenuza padzuwa. Nthawi yamvula ndinachipindapo chisanaumitsitse, m'makona munachita chuku, ndipo ndinachotsa ndi madzi otentha ndi bulashi. Banga la mafuta aja lokha ndiye linakana, likuonekabe pansi mbali imodzi.

Chikwamachi mmene chilili pano ndikuchipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Mmene ndinachigulira sichinayenere ngakhale imodzi, ndipo wogulitsa uja sindinamukhululukire, chifukwa kusoka molakwika kumachitika, koma kukana mawu ako pamaso pa munthu wamkulu amene wataya chakudya cha ana ake ndi khalidwe loipa. Sabata yatha ndinadutsako, akadali pomwepo.

Mlamu wanga anachisirira ndipo akufuna chake. Ndamuuza kuti apite masana, nthawi imene madala aja amakhalapo, ndipo asapereke ndalama asanachitembenuze. Aone ngati lamba wadutsa pansi, aone kabokosi ndi mtanda m'malo onse anayi, aone ngati ulusi wagwira saka, kenako aponde pansi pa chikwama ndi phazi n'kukoka zogwirira ndi mphamvu zake zonse pamaso pa wogulitsayo. Chikalira ulusi achisiye pomwepo, atenge china.