Kujambula mzere wamkati kapena kuchepetsa pa fotokope: kusiyira malo khungu la sitima yachifaniziro

Ife amene timapanga zifaniziro za sitima kuno ku Kasungu, kutali ndi nyanja, timadalira pulani ya papepala, ndipo vuto limene limatipeza mochedwa ndi lakuti matabwa okutira nthiti (zidutswa zopingasa za m'kati zimene zimapatsa sitima maonekedwe ake), omwe timawatcha khungu, ali ndi kukhuthala kwawo. Tiyerekeze kuti mukupanga Ilala, imene inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949 ndipo ndi yaitali mamita pafupifupi 52. Pa sikelo ya 1:50 chifaniziro chake chimapitirira pang'ono mita imodzi. Mukadula nthiti motsatira mzere wakunja wa pulani n'kukutira ndi pulayiwudi wa mamilimita 3, sitimayo imanenepa ndi mamilimita 6 m'lifupi, omwe pa sitima yeniyeni ndi masentimita 30.

Anzathu ambiri amathamangira kwa ojambula fotokope kuti achepetse pulani yonse, popeza ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma makinawo amachepetsa chilichonse molingana ndi kukula kwake, pamene khungu ndi lokhuthala mofanana paliponse. Nthiti yapakati ya mamilimita 180 imafunika kutsika kufika pa 174, zomwe ndi pafupifupi 97 peresenti; nthiti yakutsogolo ya mamilimita 60, ikachepetsedwa chimodzimodzi, imataya milimita imodzi yokha mbali iliyonse m'malo mwa atatu. Kutalika kwa nthiti nakonso kumasintha, moti deki, pamwamba pa sitima poyendapo anthu, sikhalanso pamene pulani ikufuna. Njira imeneyi ndinaiyesa kamodzi, ndipo sandipepa amene ndinawononga pokonza mphuno ya sitimayo anandidyera ndalama zoposa za fotokope.

Kujambula mzere wamkati pa nthiti iliyonse kumatenga madzulo athunthu, koma ndiko kumapereka thupi la sitima lolondola. Mumatsegula kampasi pa muyeso wa khungu, mumaika timadontho m'kati mwa mzere wakunja, kenako mumatilumikiza ndi pensulo yosongoka. Muyesowo utengedwe pa thabwa limene lili m'manja mwanu, chifukwa pulayiwudi wa m'mahadiweya kawirikawiri sakwana ndendende mamilimita amene amalembedwa. Ngati mukutira kawiri, phatikizani zokutira zonse ziwiri. Kutsogolo ndi kumbuyo, kumene thupi limapendekera, khungu limadya malo ochulukirapo pa nthiti: likapendeka madigiri 45, mamilimita 3 amasanduka oposa 4 pang'ono. Kumeneko ndi bwino kusiya nthiti ili yonenepa ndithu, n'kumaipala m'mphepete mpaka kathabwa kopyapyala kagone bwino pa nthiti zitatu zoyandikana popanda mpata.

Palinso amene amazemba nkhani yonseyi posema thupi kuchokera ku matabwa a malaina omatidwa pamodzi ndi guluu. Iwo amasema mpaka pa mzere wakunja, choncho alibe chochotsera, ndipo kwa munthu wozolowera kasemasema njirayi ndi yokoma. Chovuta chake n'chakuti thupi limalemera pokhapokha mutalikumba m'kati, ndipo malo a mota ndi batire amachepa.

Kwa sitima yoika pa shelefu, imene palibe adzaiyeze ndi rula, fotokope ingakhululukidwe. Imene mukufuna kukaiyandamitsa pa damu la Chitete ndi kuti ikhale pa mzere wake wa madzi, ijambulidwe nthiti imodzi imodzi.