Padi yotaya, yochapa kapena kapu: tikavula zimapita kuti?

Azimayi anzanga ndi atsikana, tikamakambirana za mapadi timangofunsana kuti osadontha ndi ati, otchipa akupezeka kuti, koma za komwe amapita tikawavula aliyense amangoti zii. Ndiye ine ndati tiyike zinthu zitatu pamodzi, padi yotaya ya mugolosale, padi yochapa pamodzi ndi nyanda yathu yakale ija, komanso kapu, kachikho kolowetsa kumaliseche nthawi ya msambo, tiziyeze ndi funso limeneli basi.

Padi yotaya ubwino wake palibe angatsutse, umavala, umavula, osachapa, osayanika, uli pa ulendo wa basi kapena ukulemba mayeso ndi imene imakupatsa mtendere. Mu 2022 boma linachotsako misonkho ina pa mapadi ndipo zinali zoyenera. Koma tang'ambani imodzi yatsopano muone mkati. Pansi pali pulasitiki, kansalu kapamwamba kaja nakonso nthawi zambiri ndi pulasitiki yemweyo, pali guluu womatira pa panti, ndiye ambiri mkati muli timibulu toti tikamwa madzi timafufuma n'kukhala phalaphala. Zonsezi siziwola. Majumbo opyapyala osafika ma micron 60 analetsedwa, mpaka Supreme Court inagamula mu 2019, koma mapadi lamulo limenelo siliwakhudza ayi. Muwerenge nokha, ngati mumasintha katatu kapena kanayi pa tsiku kwa masiku asanu ndiye ndi mapadi 15 mpaka 20 pa mwezi, pa chaka cha m'ma 200, munthu mmodzi, nanga nyumba ya atsikana anayi?

Ndiye amapita kuti. Mu chimbudzi chogejemula musayerekeze, timibulu tija timafufuma mu paipi ndipo zonse zimabwerera mnyumba. Ambirife timaponya mu chimbudzi chokumba poti ndi komwe munthu sangaone, ndipo kumudzi komwe dzenje likadzadza mumangokwirira n'kukumba lina pambali bola, ngakhale limadzadza msanga. Koma ku Ndirande, Mbayani, Mtandire kapena Chinsapo malo okumba lina ali kuti, chimbudzi chimodzi mabanja ambirimbiri a lendi, chikadzadza pamafunika anyamata opopa aja, ndipo iwowo makina awo amatsekeka ndi mapadi, mapampasi ndi nsanza zomwezi mpaka amayamba kaye akokera zinyalala ndi chitsulo chokhota, ntchito yonyansa komanso yoika moyo wawo pachiswe, mtengo umakwera, ena amangokana. Landilodi akaona mtengowo pena amangodikira mvula n'kuboola dzenje kuti zipite mu ngalande, kuchoka apo ndi mu Nasolo, mu Mudi, mu Lilongwe, madzi omwe ena kumunsi akuchapira mbale. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Sindikunena kuti mapadi ndi amene anabweretsa kolera ayi, koma chimbudzi chosefukira ndi njira yake yeniyeni ndipo chilichonse chodzadzitsa dzenje msanga chikuthandizira.

Kudzala nakonso agalu amafukula, m'mawa umapeza padi ili pakati pa msewu ana akudutsa popita ku sukulu. Apa ndi pomwe pamabwera mantha aja akuti magazi ako munthu woipa atha kuwatola n'kukutseka mimba, n'chifukwa chake azimayi ambiri amachapa kaye padi yotaya asanaitaye, ena amaisunga mu jumbo mpaka usiku. Ine sindimuseka munthu pa zimenezi, tinakula tikuuzidwa choncho ndi anthu otikonda, koma taonani kuti ngati ukuichapa kale ndiye phindu la yotaya lija latsala pati.

Kuwotcha anthu amati ndiye ukhondo, koma padi yonyowa siyaka bwino, umathira parafini, imangofuka utsi wakuda wonunkha pulasitiki, ndipo pulasitiki akamapsa ndi moto wochepa amatulutsa poizoni yemwe amalowa m'mapapo mwa wowotchayo ndi mwana ali kumbuyo. Pa mbaula yophikira chonde ayi. Tinyumba ta njerwa towotchera tomwe tamangidwa m'masukulu ena timathandiza kuti atsikana akhale ndi potaya, koma ngati moto wake ndi wa mapepala basi utsi ndi womwewo, bola chumuni chikhale chachitali komanso kutali ndi makalasi. Komwe galimoto ya khonsolo imafika, kulungani bwino mu pepala, mangani, ikani mu bini, podziwa kuti kotayira zinyalala ku Mzedi kapena ku Area 38 kuli anthu otola mabotolo ndi zitsulo ndi manja opanda magolovesi.

Padi yochapa pa nkhani ya zinyalala ili patsogolo kutali, seti imodzi imatha chaka kapena kuposa, ndipo amayi a mother group m'masukulu ambiri amasoka okha ndi nsalu yofewa, ndalama imatsala mmudzi momwemo. Imaposa nyanda chifukwa ili ndi mapiko ndi batani, sisuntha, mwana atha kusewera netibolo osada nkhawa. Vuto lake ndi madzi, sopo ndi dzuwa, ndipo pa zitatuzi chimene chimatipweteka kwambiri ndi dzuwa chifukwa cha manyazi. Timayanika kuseri kwa chitseko, pansi pa matiresi, pa msomali wa mu bafa, mawa lake n'kuvala ikadali yachinyezi, kenako kuyabwa, kunyuka m'mphechepeche, chikazi chonunkha. Ku Odisha ku India kafukufuku wa 2015 anapeza kuti azimayi ovala zochapa amadandaula kwambiri matenda a kumaliseche ndi a chikhodzodzo kuposa ovala zotaya, ndiye tisamanamizane kuti yochapa ndi yabwino mulimonse. Nyikani m'madzi ozizira kaye poti otentha amaumitsa magazi pa nsalu, chapani ndi sopo, yanikani pa chingwe padzuwa, ngati pali alamu kapena apongozi pakhomo phimbani ndi kachitenje kopyapyala pamwamba iziuma mkati, ikauma sitani. Madzi ochapirawo athireni mu chimbudzi osati pa mjigo. Mu Januwale ndi Febuluwale mvula ikamagwa osalekeza mapadi atatu sakwana, pamafunika asanu ndi imodzi kapena kuposa. Ndipo kwa amene amagula madzi pa kiyosiki chigubu chilichonse ndi ndalama, zimenezo muziwerengere.

Matamponi, timathonje tolowetsa mkati tomwe timamwa magazi, ndingodutsa, ndi odula, amatayidwanso, ndipo sayenera kupitirira maola 8 ali mkati.

Kapu ndi kachikho kofewa ka silikoni, umakapinda n'kukalowetsa, sikamwa magazi koma kamangowalandira, ukatulutsa umakhuthulira mu chimbudzi, kutsuka, kubwezera. Kamodzi katha kukhala mpaka zaka 10, ndiye mu dzenje mumangolowa magazi okha omwe amawola, palibe choti galu afukule, palibe chowotcha, palibe choyanika, ndipo kwa oopa kuti wina atola magazi awo palibe chotsala choti munthu atole. Magazini ya Lancet Public Health mu 2019 inasonkhanitsa kafukufuku wa maiko osiyanasiyana ndipo inapeza kuti kapu ndi yotetezeka komanso siidontha kuposa mapadi. Masiku amene magazi sakuchuluka imatha kukhala mpaka maola 12. Madzi imafuna ochepa kwambiri kuyerekeza ndi kuchapa nsalu, kabotolo kamodzi kakwana, mwezi ukatha kuiwiritsa mphindi zisanu mpaka khumi mu kachitini kakekake.

Komabe si ya aliyense. Kugula koyamba ndi kodula ndipo mugolosale ya pa trading simungaipeze, miyezi yoyambirira imavuta kulowetsa ndi kutulutsa mpaka ena amaisiya pompo ngati palibe mnzawo wowalimbitsa mtima, makolo ena amakana kwa atsikana poopa za unamwali, ndipo imafuna manja osamba ndi sopo. Mu chimbudzi cha pa sukulu chopanda chitseko, chamdima, mpopi uli kutali pa bwalo, mwana angaitsuke bwanji, ikangopulumuka m'manja yagwera mu dzenje basi. Amene muli ndi lupu ya kulera funsani kaye anesi, ndipo amene mwangochira kumene dikirani.

Ine kwa mayi wamkulu amene ali ndi bafa lotsekeka ndimati kapu, makamaka mtauni momwe zimbudzi zikudzadza, kwa mwana wongotha msinkhu kumene padi yochapa ndi sopo wake, yotaya isungidwe ya pa ulendo, ya kuchipatala ndi ya nthawi ya ngozi. Namondwe Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi Soche mu Marichi 2023 azimayi anali m'makalasi a sukulu mothithikana, mvula osaleka, poyanika palibe, pamenepo yochapa sikanathandiza ndipo yotaya inali yofunikadi. Koma ogawa mapadi m'misasa ndi m'masukulu azibwera ndi mabini a chivindikiro oika mkati mwa chimbudzi cha akazi momwemo, komanso anene kuti wokhuthula ndi ndani ndipo akakhuthulira kuti.