Kuyezetsa dothi tisanakumbe maziko ku Mchengautuwa

Poloti yathu ku Mchengautuwa ili pamalo otsetsereka, monga alili malo ambiri muno mu Mzuzu, ndipo mmisiri wathu atangoona katondo wofiira anati palibe chodetsa nkhawa, tiyambe kukumba. Ine ndinakana, chifukwa ndimakumbukirabe mvula ya mu Epulo 2016 imene inagwetsa nyumba ku Masasa ndi madera ena a mzinda uno. Choncho ndinaitana kampani ina yaing'ono yoyeza dothi.

Anabwera anthu atatu m'mwezi wa Seputembala, nakumba maenje anayi akuya mamita awiri. Chimene chinanditsegula maso ndi chipangizo chotchedwa DCP, chomwe ndi chitsulo chosongoka chimene amachikhomera pansi ndi nyundo ya makilogalamu 8 yogwa kuchokera pa mamilimita 575, n'kumawerenga mmene chikulowera. Kumtunda kwa poloti chinkalowa movutikira, koma kumunsi, chakufupi ndi dambo, chinkangomira ngati chalowa m'phala. Dzenje la kumeneko linaonetsa kuti katondo wa pamwamba anali wochita kuthira pamene ankasalaza malowo, ndipo pansi pake panali dongo lotuwa, lonyowa ngakhale kunali chilimwe.

Injiniya wawo ndimamuyamikira chifukwa sananditenge ngati munthu wosadziwa kanthu. Anati, “Bambo, dothi si chinthu chimodzi ayi, muli timiyala, mpweya ndi madzi, ndipo chimene chimanyamula nyumba ndi kugwirana kwa timiyalato.” Madzi akadzaza m'mipata n'kuyamba kukankha, kugwiranako kumachepa, n'chifukwa chake khoma limene laima bwino chilimwe chonse limatha kung'ambika kapena kugumuka nthawi ya dzinja. Mfundo imeneyi ndi imene katswiri wa za dothi Karl Terzaghi anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1920, ndipo kwa ife okhala m'mapiri a mvula yambiri ndi nkhani ya moyo.

Ku labotale anandilola kuonerera. Dothi analiumitsa mu uvuni pa madigiri 105 kuti adziwe kuchuluka kwa madzi ake, analisefa kuti alekanitse mchenga ndi dongo, kenako analipota ndi manja mpaka kachingwe ka mamilimita 3 kuti aone pamene limayambira kuthetheka. Kuyeza komalizaku kumadziwika ndi dzina la Albert Atterberg wa ku Sweden, ndipo kumathandiza kuzindikira dongo limene limafufuma likanyowa n'kuchita ming'alu likauma.

Zondikhumudwitsa zilipo ziwiri. Lipoti analonjeza kuti lituluka pakatha sabata imodzi, koma linatenga masabata atatu, mmisiri akungodikira ndipo njerwa zili pamtunda. Litabwera linali la Chingerezi chokhachokha, lodzaza manambala amene mmisiri sakanatha kuwagwiritsa ntchito, moti ndinachita kuwapempha kuti abwerenso kudzalifotokoza pamalopo. Kampani yogwira ntchito ndi anthu wamba iyenera kulemba tsamba limodzi m'Chichewa kapena m'Chitumbuka lonena momveka kuti pakumbidwe pati komanso kuya bwanji.

Ngakhale zili choncho, ndalama zanga sizinapite pachabe. Nyumba tinaisunthira kumtunda, tinakumba ngalande yopatutsa madzi a mvula, ndipo dothi lothira pansi pa simenti tinalitsendera m'magawo a masentimita 15, gawo lililonse litawazidwa madzi pang'ono, monga anatilangizira. Kumunsi kuja tinadzalako nthochi.