Anthu a mu gemu: olembedwa pamanja, oyendera malamulo kapena a AI, tisankhe ati?

Amene mukupanga timagemu pa Unity kapena Godot, makamaka anzanga a pa yunivesite ku Luwinga, ku Mzuzu, amene pulojekiti yakupanikizani, nkhani ya ma NPC, anthu a mu gemu omwe sayendetsedwa ndi wosewera, sikutha eti. Munthu wa mu gemu timupange bwanji kuti wosewera asamuone ngati chidole? Njira zomwe zikulimbirana zilipo zitatu, ndiye tiziyese zonse pa munthu mmodzi: mayi wogulitsa usipa pa msika wa Zigwagwa.

Yoyamba ndi yolemba pamanja. Mapulogalamu olembera macheza a mu gemu ngati Twine, ink, Yarn Spinner, onsewa ndi aulere, mawu aliwonse omwe mayi aja anene mumalemba nokha, wosewera amangosankha yankho. Apa ndi pomwe chilankhulo chimakoma, mayi akhoza kukulonjerani m'Chitumbuka kuti monire, inu n'kuyankha m'Chichewa, iwo n'kusintha nthawi yomweyo koma mtengo wakwerako pang'ono poti aona kuti ndinu wobwera. Palibe makina angakupekereni kanthu kotere. Komanso sizifuna bandulo, laputopu yakale imakoka bwinobwino. Vuto ndi nthambi. Mayankho atatu pa sitepe iliyonse, masitepe asanu okha, njira zafika 243, ndiye mumatopa n'kuyamba kubwereza, amene munasewera Skyrim ya 2011 mukudziwa mmene alonda aja amanenera zomwezomwezo mzinda uliwonse. Gemu ya Façade ya 2005 inayesa kuthawa zimenezi, umataipa chilichonse kwa Grace ndi Trip iwo n'kuyankha, koma opanga ake, Michael Mateas ndi Andrew Stern, zinawatengera pafupifupi zaka zisanu kupanga sewero la mphindi ngati 20. Inu muli ndi semesita imodzi.

Yachiwiri ndi imene anthu amaidumpha, koma kwa ine ndiye nyama yake. Apa simuyamba ndi mawu, mumayamba ndi zomwe munthuyo akufuna. The Sims kuyambira 2000 imayenda choncho, njala, tulo, kucheza, chilichonse ndi nambala yomwe imatsika, munthu n'kusankha chochita. Halo 2 mu 2004 inatchukitsa ma behaviour tree, malamulo osanjidwa ngati nthambi za mtengo osankhira chochita, F.E.A.R. mu 2005 asilikali ake amakonza okha masitepe ofikira cholinga. Koma yomwe inandigwira mtima ndi njira yotchedwa Nemesis ya mu Shadow of Mordor, 2014, mdani amene unamuwotcha n'kuthawa amabweranso ndi zipsera n'kukukumbutsa zomwe unamuchita. Mawu ake ndi ojambulidwa kale, sakupeka kanthu, koma poti wakukumbukira umakhala ngati muli naye chifukwa chenicheni. Warner Bros anaitengera patent, chiphaso cha umwini, mu 2021, ndiye osakopera ndendende, koma kukumbukira kokhako palibe mwini wake.

Kwa mayi athu aja ndiye kuti manambala ochepa basi: usipa watsala wochuluka bwanji, nthawi ili bwanji, mvula ikugwa kapena ayi, ndipo inu muli nawo ngongole yanji. M'mawa samatsitsa olo mulire. Dzuwa likapendeka usipa ukadali mulu, amakuitanani okha, basela pamwamba. Munatenga pangongole dzana osabweza, lero akuyankhani mofupika maso ali kwina, akupitiriza kucheza ndi mnzawo wa tomato ngati simulipo. Kukana kumeneku ndi komwe kumawapatsa moyo, ndipo pa code ndi timizere tochepa chabe.

Yachitatu ndi ya ma LLM, ma model a AI opeka okha mawu ngati ChatGPT, imene aliyense akuithamangira. AI Dungeon inayamba 2019 pa GPT-2, Character.AI inatsegulidwa kwa anthu mu 2022, pano kuli Inworld ndi Convai zomwe mumalumikiza ku Unity kapena Unreal, NVIDIA nayo mu 2023 inaonetsa luso lake lotchedwa ACE kudzera mwa NPC wophika ramen woyankhula naye pa maiki. Sindinama, mphindi khumi zoyamba umachita kutsegula pakamwa, chilichonse ukafunsa yankho lilipo. Koma kugoma kwa mphindi khumi si umboni, pulogalamu ya ELIZA ya Joseph Weizenbaum mu 1966 imangotembenuza mawu ako kukhala funso, anthu n'kumaiuzabe zakukhosi.

Khalani nayeni nthawi yaitali muone. Choyamba ndi wofatsa mopitirira, mukakakamira kuti mayi ndine mwana wa achemwali anu, akupatsani beseni lonse ulere n'kukuthokozaninso. Chachiwiri amadziwa zambiri, mayi wa usipa mukawafunsa za photosynthesis akufotokozerani ndime zitatu, masewero athera pomwepo. Chachitatu amaiwala, model imaona mawu okwana mlingo winawake basi, zakale zikatuluka pamenepo ngongole yanu ija yafafanizika. A ku Stanford mu 2023, Joon Sung Park ndi anzake, anaika anthu 25 otere m'katauni kotchedwa Smallville mpaka anaitanizana okha ku phwando la Valentine, koma kuti zitheke anawamangira posungira zokumbukira, njira yosinkhasinkha ndi yokonza za tsiku, kutanthauza kuti model payokha siinakwane, anabwereranso ku maganizo a njira yachiwiri ija.

Ndiye pali za kwathu kuno. Yankho lililonse limapita ku seva kunja n'kubwera, netiweki ikazizira mayi angoti duu masekondi angapo, pomwe pa msika weniweni yankho limabwera musanamalize funso. Malipiro ndi a madola pa khadi, nkhani ya forex mukuidziwa, ndipo amawerengera ma token, tizidutswa ta mawu, mawu athu ataliatali ngati sindinakuuzeni amaduladulidwa tizidutswa tambiri kuposa a Chingerezi, ndiye timalipira zambiri pa chiganizo chomwecho. Chichewa chake chimatuluka chowuma ngati cha pa chikalata cha boma, Chitumbuka ndiye chimasokonekera msanga, kusakaniza ziwirizi mmene timachitira pa depoti kapena pa sacramento, njinga za kabaza zija, musayembekezere n'komwe. Mukhoza kuyendetsa model yaing'ono pa laputopu yanu ndi Ollama osafuna intaneti, koma imadya RAM ndi batire, ndipo ma model ang'onoang'onowo ndi amene Chichewa chimawavuta kwambiri.

Ine ndikanakhala pa pulojekiti yanuyo, mtengo, ngongole ndi mkwiyo wa mayi ndikanazisiya mu code, mawu ofunika ndikanalemba ndekha ndi mnzanga wodziwa Chitumbuka chenicheni. LLM ndikanaipatsa macheza a m'mbali okha, za kuzizira kwa mu June, za mpira, ndipo nthawi iliyonse ndikanaitumizira manambala aja kuti idziwe kuti lero mayi sakukusekererani. Mtengo isaukhudze olo pang'ono. Gemu ikakhala ya Chingerezi komanso muli ndi wokulipirirani seva, Convai kapena Inworld yesani, ili bho pa demo. Ikakhala ya pa foni za ana a ku Chibavi ndi Mchengautuwa omwe bandulo ndi ya WhatsApp yokha, ink ndi manambala anu aja zikukwanirani.