Galaja yomwe inadzutsa MGB yanga, ngakhale inandidikiritsa

Ndinagula galimoto ya MGB ya 1969, ija ya kampani ya MG yopanda denga, itakhala zaka zambiri yofunditsidwa lona. Penti yofiira inkawala ndithu, ine n'kumadzitama kuti ndatola. Tsiku loyamba ku galaja, mkulu wa amakaniko sanatsegule n'komwe boneti. Anatenga kamaginito n'kumakagunditsa m'munsi mwa zitseko, koma kakungogwa, chifukwa maginito sagwira pa fila, phala lomatira mabowo m'thupi la galimoto. "Bambo, muno mulibe chitsulo, ndi fila yekhayekha," anatero. Atabayapo ndi sikuludiraiva, dzimbiri linachita kuyoyoka mpaka kudzaza chikhato chake.

MGB ilibe chasisi yapayokha, thupi lomwelo ndilo limasenza zonse. Zitsulo za m'munsi mwa zitseko zikadyeka, galimoto imawerama pakati, n'chifukwa chake chitseko cha dalaivala chinkakhula potseka. Apa ndi pomwe anthuwa ndinawavulira chipewa. Asanadule paliponse anawotcherera mipiringidzo yopingasa pakhomo lililonse kuti thupi lisapotoke, n'kumaliza mbali imodzi kaye asanakhudze inayo. Anasinthanso poponda mapazi ndi timabokosi ta mabatire awiri a 6V kuseri kwa mipando, tomwe asidi anali atatiboola. Lero chitseko chimatsekeka ndi chala chimodzi.

Injini yakale inali itagwirana, buloko yake ili ndi mng'alu. Wina wogulitsa zipangizo zakale anandilumbirira kuti ali ndi ya MG yeniyeni, ndipo ndikanapita ndekha ndikanalipira pompo. Makaniko anandiperekeza, anagwada, anasuzumira kunsi n'kuseka chapansipansi: inali ya galimoto ina, Morris Marina. Ndi injini ya mtundu womwewo wa B-series, ya 1798cc, koma sampu (kabeseni ka oilo kunsi kwa injini) ndi pomangira pake n'zina, ndiye tikanayamba ntchito yosinthanitsa zitsulo. Tinaisiya. Patatha miyezi iwiri iye yemwe anapeza injini ya MG yamtundu wa 18V yochotsedwa mu MGB GT yomwe inawombedwa kumbuyo. Anayeza kompuresheni pa masilinda onse anayi ine ndikuona, anasintha mabeyaring'i, n'kubwezeretsapo makabuleta anga awiri a SU, zipangizo zosakaniza mpweya ndi petulo. Powalinganiza ankamvetsera mpweya ndi kapaipi ka labala kukhutu, ngati dokotala pachifuwa cha mwana.

Tsono zodandaula zilipo. Anati ntchitoyo itenga miyezi inayi, koma inakwana 11. Foni sayankha, ukafuna kudziwa pomwe afika uyenera kupita wekha, ndipo kawiri konse ndinapeza galimoto yanga yasanduka tebulo loikapo masipanala. Wopopera penti anathimbiriza labala wa galasi lakutsogolo, komanso kachitsulo kamodzi konyezimira ka pabampala kanasowa, mpaka pano "tikukafufuzabe".

Ndiwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Giyabokosi yayamba kulira ndikaika giya yachiwiri, ndipo ndawauza kale kuti ndibwera nayo Lolemba, koma ulendo uno tsiku lokatenga tichita kulemberana papepala.