Wodi yolipira pa chipatala cha boma: ukhondo ulipo, koma zochapa ndi ambulansi zilibe mwini

Ndapereka nyenyezi 3 mwa 5. Madokotala ndi anamwino sindikuwaikamo, iwo ntchito yawo anagwira bwino. Ndikunena za zinthu zimene munthu amalipirira akasankha wodi yolipira pa chipatala chachikulu cha m'boma lathu: bedi, zofunda, chakudya, madzi, ukhondo ndi mayendedwe. Mayi anga anathyoka fupa la pantchafu m'dzinja, ndipo gadiyani wawo ndinali ine.

Wothyoka ntchafu amagona chagada masabata ambiri, mwendo uli wokokedwa ndi chitsulo cholendewera kumiyendo kwa bedi. Sadzuka, ngakhale kupita kuchimbudzi. Kwa wodwala wotere shiti ndi mankhwala ndithu, chifukwa ikanyowa n'kusasinthidwa, kumsana ndi m'chiuno kumabuka zilonda. Apa ndi pomwe ndinakhumudwa kwambiri. Makina ochapira anali atawonongeka, ochapa ankachapa pamanja n'kuyanika panja, mvula ili tsiku ndi tsiku. Mashiti ankabwera achinyontho, masiku ena osabwera n'komwe. Ndinkayala zitenje zanga, usiku n'kukachapa kuchitando, kuziumitsa pambali pa mbaula. Ndikafunsa anesi ankati zimenezo ndi za ku ofesi. Ku ofesi ankati akudikira ndalama za ORT, zimene boma limapereka zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, kuti agule chipangizo chimene chinafa. Ndikudziwa kuti zipatala za m'maboma zimayendetsedwa kudzera m'makhonsolo ndipo ndalama zimachedwa, ndikudziwanso kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu wochokera kunja anakwera mtengo. Koma wodiyi imatolera ndalama tsiku lililonse. Mashiti owonjezera ndi chingwe choyanikira pansi pa denga sizifuna kuitanitsa kunja.

Pa ukhondo ndilibe chodandaula. Mayi wokolopa ankafika kusanache, atanyamula ndowa ziwiri ndi mopu yapadera ya kuchimbudzi. Amayamba ndi moni: "Agogo, mwagona bwanji? Ndikolopeko kunsi kwa bediku, inu musagwedezeke." Amapukuta zitsulo za bedi ndi zogwirira zitseko ndi madzi a klorini, bokosi la majakisoni likadzaza amalichotsa osadikira kuuzidwa. Anandiphunzitsanso kulowetsa chiwiya chodzithandizira popanda kupotoza mwendo wothyokawo, ntchito yoti sinali yake. Pakhomo pa wodi panali ndowa yampopi ndi sopo, ndipo mlonda sankalola munthu kudutsa osasamba m'manja. Amene tinaona kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitingaone zimenezi ngati kuvutitsa. Madzi akasiya kutuluka, thanki inkathandiza, ndipo madiramu a m'bafa amakhala odzadza.

Chakudya chinkabwera pa nthawi yake, chotentha: phala ndi tiyi m'mawa, nsima ndi nyemba kapena kabichi, masiku ena nkhuku. Vuto linali loti mayi ali ndi matenda a shuga, zolembedwa m'buku lawo la kuchipatala ndi m'fayilo momwe, koma uthengawo sunafike kukhitchini. Phala linkabwera lothira kale shuga. Ndinachita kupita ndekha kukapempha ophika kuti azipatula lawo asanathire, ndipo anavomera mosavuta. Anthu ake ndi abwino, chosowa ndi kapepala kochoka kuwodi kupita kukhitchini.

Magetsi akazima, jenereta inkayatsira kufiyeta ndi kwa amayi oyembekezera. Ife tinkadalira tochi ya pafoni. Zimenezi ndinazimvetsa.

Fupa litakana kulumikizana, anatilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu kukaika chitsulo. Zipatala zazikulu zotumizako odwala otere ndi Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, ndiye kwa ife akumaboma ambulansi ndiyo njira yokhayo, poti wothyoka ntchafu sungamukweze minibasi. Mafuta anali ochepa, ndipo ambulansi inkayamba yanyamula amayi ovutika pobereka. Pamenepo sindingatsutse, moyo wa mayi ndi mwana sudikira. Chimene chinandipweteka ndi kusauzidwa. M'mawa amati konzekani, ine n'kumanga katundu, kuwasambitsa mayi, kudikira mpaka dzuwa kulowa popanda wobwera kudzanena kuti lero zakanika. Mayi anayamba kukana chakudya poopa kuvutika panjira, pamene ali ndi shuga.

Amene anatithandiza ndi a ombudsman a pachipatalapo, omwe ntchito yawo ndi kulandira madandaulo a odwala. Ambiri sadziwa kuti ofesiyi ilipo ndipo dandaulo salipiritsa. Anandimvetsera, analemba, tinapita limodzi kwa woyang'anira magalimoto, ndipo tinauzidwa tsiku lenileni la ulendo. Mashiti ouma anabweranso madzulo omwewo, kusonyeza kuti m'sitolo analimo.

Ngati wodwala wanu akuyenda yekha, wodi yolipirayi ndi yabwino: ndi yaukhondo, yopanda phokoso, ndipo simugona pansi. Ngati ndi wogonera pabedi, tengani mashiti anu osachepera anayi, pulasitiki yoyala pansi pa shiti, tochi ndi ndowa. Za zakudya zimene wodwala sadya kanenereni nokha kukhitchini tsiku loyamba, ndipo polipira itanitsani lisiti la boma nthawi yomweyo.